Foda Imene Sindinatsegule

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kuno tilipo. Mpopi wa kukhitchini ukudonthabe, mkamwini wanu amangoti mawa, mawa.

Paja mumandiseka kuti ntchito yanga ndi kugogoda kompyuta basi. Lero ndikuuzeni zimene ndimagogodazo. Chipatala chimene mumapitako chija chinalemba ntchito kampani yathu kuti tikonze tsamba lawo la pa intaneti. Wodwala akalowa ndi pasiwedi yake amayenera kuona foda yake yokha, momwe muli zotsatira za kuyezedwa kwake. Ine ndimayesa zitseko ngati mbala, kuti mbala yeniyeni isapeze polowera.

Lolemba ndinasintha adiresi ya tsambalo, n'kuikapo timadontho tiwiri touza kompyuta kuti ituluke mu foda imodzi, ikwere pamene pali mafoda onse. Imayenera kukana. Sinakane. Mafoda anangoti mbwee, wodi ndi wodi. Pansi pa wodi ya khansa panali dzina lanu ndi tsiku lanu lobadwa.

Inu munandiuza kuti mumakaonetsa bondo.

Abwana anali kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi. Anati, "Mwaupeza mng'alu? Eya, ntchito ndi imeneyo! Tsekani msanga, musatsegule foda ya munthu."

Ndinati, "Chabwino, bwana."

Chala chinali kale pa mausi ya kompyuta, koma foda yanu sindinaitsegule. Ndinamata mng'aluwo, ndinayesanso, kompyuta inakana. Tsopano palibe angasuzumiremo, ngakhale ineyo. Kenako ndinadya nkhomaliro yonse, ndinakwera basi, ndinakachapa. Sindinalire. Mpaka pano sindikumva kanthu, ndili ngati dzanja loligonera.

Mwina mudzati ndine wopusa, kupeza chitseko chili pululu n'kuchitseka ndekha. Koma za m'fodamo ndi zanu, ndikufuna kuzimva pakamwa panu. Sindikudziwa ngati matendawo angoyamba kapena apita patali. Mng'ono wanga sindinamuuze.

Ndapempha tchuthi, ndifika Loweruka. Musasese, musandiphikire, musabwere kudzandichingamira kudepoti.

Mupereke moni kwa Ababa. Ngati nawonso sakudziwa, ine pakamwa ndisoka mpaka mutayamba inuyo. Mdzukulu wanu akupereka moni wambiri. Akufunsa ngati mudzabwere pa tsiku lake lobadwa chaka chamawa. Ndamuuza kuti ndikakufunsani.

Ndine mwana wanu,
Chisamba chanu