Ndaiona Ng'ombe Yako pa Chithunzi

Kabwata, Lusaka
9 Ogasiti 1982

Wokondedwa mng'ono wanga Eness,

Ndalemba ndekha ndi dzanja langali, poti nkhani iyi sindifuna idutse m'makutu mwa mdzukulu wanga Helen. Maso amene anandibweretsa kuno achira. Mwinatu kukanakhala bwino akanapanda kuchira.

Loweruka Helen anandikokera ku chionetsero cha zaulimi kuti ndikawongole miyendo. Tikuyenda m'fumbi muja, ndangoona mwana wanga Mathias, amene kalata yako imati ali kumudzi akumanga nkhokwe, ataima mu jekete yobwereka, atafukata chimanga ngati khanda. Masiku atatu ali mu Lusaka osaponda pakhomo pamene pali amake!

Kumbuyo kwake anapachika chithunzi chachikulu. Phiri lathu la ku Chadiza ndinalizindikira, ndi mkuyu uja. Koma migula ya miyala kulibe. Miyala imene ine ndi malemu amuna anga aPetros tinasenza zaka khumi ndi zisanu kuti mvula isamakokolole dothi, yonse psiti! Munda uli see ngati dazi.

Ndinati, "Iwe Mathias, miyala ya atate ako ili kuti?"

Iye, "Amama, tsitsani mawu. Feteleza ndi mbewu yatsopano alangizi amapatsa okhawo amene m'munda mwawo mulowa pulawo, ndipo pulawo sidumpha miyala. Inu munkakolola matumba asanu ndi atatu, ine makumi atatu. Ana anga chaka chino sanagone ndi njala."

Bwana wina wa tayi analowererapo: "Ba mayo, nyadirani, mwana wanu ndiye chitsanzo!" Ndinamufunsa ngati analimapo pamtsetse. Akuti kwawo n'ku Kabulonga, kumayadi kwa olemera, amathirira maluwa.

Sindinama, Eness, chimangacho n'chachikulu. Chimodzi ndinabisa m'chitenje, mpaka lero ndikuchitembenuza. Mwanayo sindimuda kwenikweni, kulira kwa ana kumagonthetsa makutu. Koma mvula iwiri, itatu, dothi lonse likatsikira kudambo, fetelezayo adzathira pathanthwe?

Tsono tibwere kwa iwe. Pachithunzipo pali ng'ombe ziwiri zikukoka chileyi, ngolo yopanda matayala ija, chodzaza miyala. Imodzi ndi yothyoka nyanga yakumanzere. Ng'ombe imeneyo ndinaiona ikubadwa m'khola mwako. Chaka chathunthu wakhala ukundilembera kuti, "Kumunda zonse zili monga munasiyira, achemwali, chirani osafulumira." Iwe amene unkandimanga nsanza m'zala zikang'ambika ndi miyala ija! Nditamupanikiza, Mathias anaulula kuti miyalayo ndiyo yamanga maziko a nyumba yako yatsopano. N'chifukwa chake unkandidera nkhawa maso chonchija?

Akuti kumunsi kwatsala migula itatu, ndipo nayonso aichotsa mvula isanagwe. Ndikwera basi Lachisanu. Ndikakhala pamigulapo ndi mphasa yanga. Pulawoyo iyambe yadutsa pa ine. Usavutike kundiyalira m'nyumba yakoyo, sindingagone pamwamba pa thukuta la mwamuna wanga.

Upereke moni kwa alamu anga aAmock ndi ana onse. Ng'ombe ija undisisitireko pamsana. Iyoyo ndaikhululukira, poti sinayamwe bere limodzi ndi ine.

Ndine mkulu wako ndithu,
Febby