Yotamu wafufuta mawu anu

Amama, kodi kumeneko muli uli? Kuno tili makola, monga munkayankhila inu ngakhale mutu ukukuwawani.

Chimanga tatuta chonse, nkhokwe yapitilila pakati. Nshawa zokha ndi zimene zatichititsa manyazi, chiswe chinayamba kukolola ife tisanafike. Ine ndinachila bwino, ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yomwe, ndipo kulila kwake mudzi wonse umadziwa kuti wadzuka.

Koma chandigwilitsa cholembela si chimanga. Ndi mwana wanu Yotamu.

Shedi yanu ya kanema pa Kapichila ndiye akuyendetsa tsopano. Anyamata akhala akumuvutitsa kuti atopa ndi mafilimu akale, akufuna a kalate atsopano. Azimayi nawo akudikila gawo lomaliza la filimu ya ku Naijeliya ija ya mkazi wachiwili. Pa chigayo, pa mjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, nkhani ndi imodzi: Loweluka tidzaonela chiyani?

Mukukumbuka mmene munkakhalila pambali pa tivi n'kumamasulila filimu m'Chitumbuka, poti chizungu ambili sachimva? Munkathilako zanu. Mwamuna akayamba kunama m'filimu, inu mumvekele, "Onani maso, ngati mbuzi yoti yadya chimanga cha eni!" Anthu n'kufa nazo nseko. Musanayambe kudwala ndinakujambulani mawu pa foni, filimu yonse kuyambila poyamba mpaka pothela, ndi kuseka kwanu komwe, n'kusunga pa kamemole kanga, kakhadi ka m'foni. Zithunzi zanu tili nazo, koma mawu anali pamenepo pokha.

Yotamu anadzabweleka kamemoleko, ati naye wakusowani, misozi ili lengelenge. Ndinamupatsa ndi manja awili. Ndinamuuza kuti mawuwo sindinawakopele kwina, asamale. Iye anakwela njinga n'kupita nako ku boma kukaikitsa mafilimu atsopano aja. Wa pa shopu anamuuza kuti kadzaza, n'kumufunsa ngati afufute zimene zilimo. Amama, Yotamu anavomela. Sanalakwitse ayi, ankadziwa. Anandiuza yekha, manyazi n'komwe alibe, ati akufa sabwela kudzaonela kanema, amoyo ndiwo akudikila.

Ndinangokhala pansi pa dothi, mwana ali kumsana. Pa malilo anu ndinalila, koma tsiku limene Yotamu anandiuzalo zinandiwawa kuposa, chifukwa matenda sanali m'bale wanga. Uyu tinayamwa bele limodzi. Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Mwina sichioladi, koma ine chanditsamwa pakhosi.

Loweluka akaonela mafilimu awowo. Ndamva kuti mabenchi sadzakwana, ena abwela ndi mipando yawo kuchokela ku Chikomeni. Ine sindikapondako.

Dzulo ndikusambitsa mwana ndinayesa kukumbuka mmene munkasekela. Nkhope inabwela, ndi mpata wa mano uja, koma mawu ayi. Ndinatseka maso n'kuyesanso. Ayi ndithu. Ndachita mantha, Amama.

Ndikulonjezani kuti tsiku loika mwala pa manda anu ndidzamupatsa moni Yotamu, ndidzamuthililanso madzi osamba m'manja, kuti anthu asatiseke. Ndidzachita chifukwa cha inu. Koma zomukhululukila musandipemphe chaka chino.

Ngati kumeneko amalola, bwelani ku maloto. Ngakhale mubwele kudzandikalipila, bola ndikumveni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tamala