Zingwe Zanu Sitiwotcha, Bambo a Dyna

LEVISON KAMZINGENI
Anabadwa pa 3 Juni 1958, anatisiya pa 21 Epulo 2009

Bambo a Dyna, lero zakwana zaka zitatu chichokereni inu pakhomo pano. Munatisiya chimanga chitauma m'munda, fodya ali m'chigafa, kope lanu lili chitsegulire patebulo, pensulo ili pakati. Chimanga tinakolola, fodya tinagulitsa, koma zingwe zimene munamanga m'chigafa muja zatiutsira nkhani, ndipo tati tikuuzeni lero pamaso pa aliyense wowerenga nyuzi ino. Wolemba ndine Ezelina, mkazi wanu. Ana atatu onse amva zimene ndalembazi ndipo avomereza.

Anthu ankakudziwani ngati mphunzitsi wa masamu kusekondale ya kufupi ndi Chamama, koma ntchito imene inakudyani mtima inali yofufuza masamu a mitunda. Munkati zinthu zimene munkafufuzazo akatswiri anzanu amazitcha nyumba, ngakhale zilibe njerwa kapena denga. Ndi malo afulati ambirimbiri olumikizana m'misoko, ngati mapepala a buku okumana pamsana, atatu kapena anayi pamsoko umodzi. Lamulo lake munkalinena ngati ndime ya katekisimu: tengani madontho awiri alionse, atalikirane chotani, lilipo pepala limodzi pamene onse awiri akupezeka, ndipo papepala limenelo mtunda wawo umayezeka. Zanu zinali zovutirapo chifukwa munkayeza ndi manambala achilendo, ena aang'ono zedi moti ngakhale munthu awaphatikize chaka chonse sangafike pa wani. Funso lanu linali limodzi: kodi m'nyumba zoterozo, njira yolambalala ingapezeke ili yaifupi kuposa yolunjika?

Ine ndinkakusekani, sindibisa. Ndinkati mayi aliyense wopita kumjigo ndi ndowa pamutu yankho lake amalidziwa, inu mukuthera zaka zisanu ndi chimodzi ndi makope khumi. Inu munkangovula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kunena kuti, “Amayi a Dyna, kudziwa n'kwina, kutsimikiza n'kwina.” Loweruka lililonse la kumapeto kwa mwezi munkakwera matola kupita ku Kasungu paboma kukatumiza masamu anu pakompyuta kwa mayi uja, pulofesa wa ku Ulaya amene munkagwira naye ntchito koma simunaonane naye maso ndi maso. Mukabwera mukuimba likhweru ndinkadziwa kuti wavomereza. Mukabwera muli duu ndinkangotenthetsa madzi osamba osafunsa kanthu.

Tsono munati papepala lafulati zinthuzi sizikuoneka bwino, munthu ayenera kuzizungulira ndi kuziyang'ana chapansi. Munandilanda mbali ina ya chigafa, pomwe pakanalowa mikangala yambiri ya fodya wa bale. Munadula makatoni a sopo, n'kuwasoka m'misoko ndi singano yosokera masaka, n'kuwapachika kudenga. Ulusi wosokera fodya munaunyika mu utoto, wina wofiira, wina wakuda, wina wobiriwira, n'kuukoka kuchokera pakatoni ina kufika pa inzake. Katoni iliyonse munailemba chilembo chake. Ndinadandaula mlungu wathunthu za malo a fodya wanga, inu n'kumati fodya amauma chaka chilichonse koma funso ili silinaumepo.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa, koma ndizinena kuti ena amve. Makuponi a feteleza atayamba, munatenga chingwe n'kuchimanga mfundo zotalikirana mofanana, ndipo tonse munatiyendetsa m'mizere, phando limodzi mbewu imodzi, feteleza woyeza ndi chitsekerero cha botolo. Misana inatipweteka, ana ananyinyirika, koma nkhokwe ziwiri zinadzaza mpaka kudenga. A Masautso, amene tinagundana nawo malire, munda wawo unali wachikasu, pakuti kuponi yawo inathera pa Chamama tsiku lomwe anailandira. Tsiku lina anabwera kudzabwereka jeke yodindira fodya, n'kusuzumira m'chigafa. Anaona makatoni olembedwalembedwa akulendewera, ndi chingwe chofiira chimodzi chimene, mwa kuona kwawo, chinaloza kumunda kwawo. Sabata isanathe mudzi wonse unali utamva kuti a Kamzingeni amakawa, kuti zingwe zija ndizo zimakoka chimanga cha anzawo m'matsenga.

Inu munaseka mpaka misozi. Munapita kukawaitana a Masautso kuti alowe muwafotokozere, iwo anakana kuponda pakhomo pa chigafa. Munati zisiyeni, zidzatha zokha. Apa pokha, bambo, masamu anu analakwika. Mmawa uja mutagwa pakhonde mukumanga nsapato, adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, matenda amene munkamwera mankhwala zaka zinayi ndipo buku lanu la kuchipatala ndili nalo. Koma pamaliro panu penipeni ndinamva ndi makutu angawa amayi ena akunong'onezana kuti zingwe zamutembenukira mwini wake. Ndinali pansi ndikulira, sindinayankhe. Mpaka lero zimandipweteka kuti sindinayankhe.

Chaka chotsatira dzina langa silinapezeke pamndandanda wa makuponi, ndipo chaka chathachi chimodzimodzi. Palibe amene anandiuza chifukwa chake pamsonkhano, koma kumjigo ndinauzidwa kuti okawa safuna feteleza. Talima ndi manyowa a mbuzi ndi mapesi. Nkhokwe yadzaza imodzi yokha, theka lake n'zitsononkho zazing'ono, ndipo zingwe zanu zili pomwe zija. Ngati zimakoka chimanga, ndiye kuti chimwalirireni inu zachita ulesi.

Mwezi wathawu anabwera alamu anga a Aloysius, akulu anu, kudzakambirana za chiliza chanu chimene tikutsegulira Loweruka likubwerali. Anakhala pampando wanu, chipewa chili pabondo, nati, “Mlamu, tawotchani zinthu zimenezi anthu akuona. Ine ndikudziwa kuti ndi makatoni chabe, koma mukatero dzina lanu libwerera pamndandanda, ndipo anthu abwera kuchiliza. Mukufuna mng'ono wanga akamangiridwe ndi anthu asanu?” Sindikuwada, bambo. Ndiwo anakunyamulani kupita nanu kuchipatala, ndipo ponena mawu amenewa maso awo anali ofiira. Akuopa manyazi a manda opanda anthu. Inenso ndikuwaopa manyaziwo, ndipo masiku angapo ndinkayenda ndi machesi m'thumba la diresi.

Amene anandilanda machesiwo ndi Dyna. Mwana wanu uja amene munkamukweza paphewa kuti akugwirireni ulusi tsopano ali chaka chachinayi kuyunivesite, akuchita masamu omwewo. Holide iliyonse amakhala m'chigafa ndi makope anu, ndipo amalemberana ndi pulofesa uja, amene akudikirabe. Wandionetsa m'kope lomaliza. Simunalembe zonse, bambo, munali ndi chizolowezi chanu chija chodumpha ngati aliyense ali m'mutu mwanu. Pena munangolemba kuti, “Onani pamene chofiira chachitatu chadutsa msoko wa F.” Pena munalemba kuti, “Chakuda ndi chobiriwira zikumana, taonani nokha.” Dyna akuti popanda kuima pansi pa makatoniwo ndi kutsata ulusi ndi chala, masamba makumi awiri omaliza sawerengeka. Wadutsa kale khumi ndi atatu. Atsala asanu ndi awiri, ndipo yankho la funso lanu lili m'menemo.

Ndiye alamu, ndikuyankhani pano poti tsiku lija ndinangoti ndamva. Sitiwotcha. Tikawotcha, zaka zisanu ndi chimodzi za mng'ono wanu zisanduka phulusa masamba asanu ndi awiri okha atatsala. Komanso tikawotcha anthu akuona, ndiye kuti tavomera pagulu kuti Levison Kamzingeni anali wakuba, ndipo ana ake anakula ndi chimanga cha eni. Matumba awiri a feteleza sangandinenetse bodza limenelo. Mndandandawo aukhalire, mbuzi tili nazo.

Bambo a Dyna, dzulo mwana wanu Yankho anachotsa udzu wonse wotchinga kumbali ya chigafa imene yayang'ana kunjira. Tsopano aliyense wopita kuchigayo akuona makatoni anu akugwedezeka ndi mphepo. Ena akudutsa chothamanga, ena akuima patali. A Masautso anadutsa nkhope atatembenuzira kutchire, n'kupunthwa pachitsa. Loweruka tikachoka kumanda, Dyna adzaima pamenepo ndi kufotokozera aliyense amene afuna kumva, chingwe ndi chingwe. Akabwera anthu asanu tidzawafotokozera asanuwo. Chakudya tiphika cha mudzi wonse, pakuti sitinadane ndi munthu.

Tikukusowani, bambo. Lusiya, chitsiriza wanu, salola kuti magalasi anu achoke pawindo, ndipo amawapukuta ndi nsonga ya bulauzi monga munkachitira. Yankho amabzala ndi chingwe chanu cha mfundo chija, chimene ankachida poyamba paja. Ine ndikamapita kumjigo ndimadzera njira yolunjika, ndipo tsiku lililonse ndimakumbuka kuti ndinkakusekani. Pepani. Ndaona tsopano kuti mudzi wonse ukhoza kudziwa chinthu chimene palibe ndi mmodzi yemwe wachitsimikiza.

A kunyuzi anatifunsa ngati tilibe chithunzi china, cha suti ndi tayi, choyenera chikumbutso. Chilipo, cha tsiku la ukwati wa Yankho, ndipo munatchena zedi. Koma tasankha dala ichi chili pamwambachi. Ndi chija anakujambulani Dyna m'chigafa, muli ndi malaya a kumunda, pensulo ili pakhutu, mukuseka, dzanja lanu litagwira chingwe chofiira chachitatu. Achione bwinobwino onse amene ankanong'ona.

Gonani, bambo a Dyna. Chingwecho tachigwira ife, ndipo sitidzakuiwalani ngakhale makatoniwo adzafumbwe.

Ezelina, Yankho, Dyna ndi Lusiya