Matabwa a Pamlatho

Loweruka, 13 Epulo 1996

Lero mutu sukugwira.

Zuze anabweradi. Zuze yemwe uja, wothawa nkhondo amene ankatilimira ganyu, pano ndi dalaivala wa chilole cha azungu odzaona malo. Anawatenga ku Zimbabwe, nkudutsa nawo ku Tete popanda wowaombera, nkulowera ku Dedza. Pa Nathenje anakhota kuti akaone mbalame ku Dzalanyama. Anali atandilonjeza kale kuti adzaima pa tiyirumu yanga kuno kuseri kwa Mitundu. Ndinalawirira kukazinga mandasi, makapu ndinachita kubwereka.

Sanafike. Anathera pa kamlatho kathu, matabwa apakati palibe. Nditathamangirako ndinapeza azungu akujambula chibowocho. Zuze anati, "Mayi, kwathu anachotsa mabomba mumsewu kuti tizidutsa, ndiye ndibwerere pa kamtsinje kowoloka mbuzi? Abwana akamva, njira ino sindidzayendanso." Anatembenuza lole, basi.

Njira yonse ndinabwerera ndikutukwana amene anaba matabwawo. Ndinauza amuna anga kuti aitane anzawo akakonze. Iwo akuti, "Za thangata zinapita ndi chipani chimodzi, boma likonze." Osandiyang'ana n'komwe.

Pokatsekera nkhuku ndinaona ngolo yathu itabisidwa kuseri kwa chigafa. Pansi pa ngoloyo ndi patsopano. Matabwa okhuthala, mabowo a mabawuti ali pomwepo, ngakhale zidindo za matayala sizinafufutike.

Amuna anga ali pakhondepa akudya mandasi a alendo aja. Akuti lero ndiye ndakazinga bwino. Ine ndikangotsegula pakamwapa...