Anunkhadala M'marozi a Odete

Lolemba, 4 Novembro

Anunkhadala afika m'dimba la kuseri kwa nyumba. Tiziwala tating'ono, tamawanga achikasu ndi akuda. Ayamba ndi kove, ndiwo zathu zamasamba. Malemu mkazi wanga Odete akanadziwa chochita. Ine chimwalirireni iye chaka chatha, chomwe ndimatha m'dimba lakeli n'kuthirira basi.

Mwana wathu Nilza waimba foni kuchokera ku Tete. Ukwati wake uli Loweruka la sabata yamawa kuno ku parishi. Akuti, "Ababa, maluwa ogula ayi. Ndidzanyamula marozi a amayi." Ndati alipo, akuphukira bwino. Lero alipodi.

Lachitatu, 6 Novembro

Ndawaza phulusa, akungoyenda pamwamba pake. Ndalowetsa nkhuku. Zawayang'ana, zawasiya, zakafukula sebola, anyezi wathu uja. Ngakhale nkhuku zikunyansidwa nawo.

Lachisanu, 8 Novembro

Kutola ndi manja kuyambira m'mamawa, kuponya m'ndowa ya madzi a sopo. Msana wanga ine! Fungo lawo silikuchoka m'zala, chakudya sichikulowa. Ndikafika kumapeto kwa mzere, koyambira kuja adzazanso. Akutuluka m'tchire la kuseri kwa mpanda, ndipo tchire silitha.

Kove watsala mitsempha ya masamba yokha. Matimati nawo ayambidwa.

Lamulungu, 10 Novembro

Titatuluka Misa, amayi Quitéria, okongoletsa guwa aja, andiimitsa pakhomo. "A Timóteo, tibwere liti kudzathyola maluwa a mwana?" Ndati Lachisanu. Pakamwa pangoyankha pokha.

Masana a Barnaba oyandikana nane andipatsa mankhwala m'kabotolo kopanda dzina, akuti anagula kwa munthu wina ku Cassacatiza. "Poperani awa, mawa mudzangosesa mitembo." Odete sankalola zotere m'dimba mwake. Ndalandira ndi manja awiri.

Lachiwiri, 12 Novembro

Ndinapopera dzulo. Ena afadi. Koma masamba a marozi apsa, apotana ngati fodya wouma. Kaya ndinachulutsa, kaya ndi dzuwa. A Barnaba asuzumira pampanda, akuti, "Kwanga sanatero," n'kubwerera.

Amoyo ndi ambiri kuposa akufa.

Lachitatu, 13 Novembro

Akwera m'marozi. Akuboola maluwa asanatambasule n'komwe.

Lachinayi, 14 Novembro

Tsinde limodzi lokha, la pafupi ndi bafa, linali likadali ndi maluwa. Ndamasula ukonde wa udzudzu wa pabedi panga, ndalifunditsa, m'mbali ndatsindira miyala. Pobwera kotunga madzi ndawapeza ali m'kati. Polowera sindikupaona. Ndakhala pansi, ndangowaonerera akudya.

Nilza waimba. Foni ndaisiya ilire. Ndatuma uthenga kwa amayi Quitéria kuti asavutike kubwera.

Lachisanu, 15 Novembro

Nilza wafika masana pa mota, njinga yamoto ija, fumbi mpaka m'nsidze. Asanalowe m'nyumba wathamangira kuseri. Ndamutsatira pang'onopang'ono.

Waima pakati pa timitengo taminga. Watola duwa limodzi lodyekadyeka, walitembenuza, walisiya. Ine ndayamba kufotokoza za phulusa, za sopo, za botolo lija. Samamva. Amandiyang'ana ine.

"Ababa, lambayu mwaboola liti bowo lina?"

Ndati ndi kutentha, munthu sadya bwino nyengo ino. Wandigwira mkono, zala zake zakumana. Apo ndi pomwe walira.

Takakhala pakhonde. Kenako akuti maluwa a pulasitiki a ku parishi akwana, wakamba kale ndi amayi Quitéria panjira. "Koma ukwati ukatha tikupita tonse ku Tete. Chipinda chilipo. Pano simutsala nokha."

Ndati nanga dimba adzathirira ndani. Nanenso ndamva m'mene funsolo lamvekera.

Panopa ali m'chipinda mwanga, akufunsa malaya oti apinde ndi oti asiye. Ndamuuza kuti abuluuwo apinde.