Kabokosi ka mu Sutikesi

Lolemba, 4 Malichi
Kompyuta yakana kuyaka. Galasi lakuda, mizere iwiri ya Chingerezi, basi. Ndayesa katatu. M'menemo muli mawu a malemu mkazi wanga, amene mwana wathu wamkazi anajambula m'miyezi yotsiriza ya matenda. Ndimawamvetsera m'mawa uliwonse ndisanatsegule mawindo. Lero nyumba zii.

Lachiwiri, 5 Malichi
Mwana wanga wabwera, tapita nayo kwa mmisiri wa makompyuta. Ndi mayi wa magalasi, kashopu kake kuseri kwa sitolo ya nsapato. Wati disiki, chimene chimasunga zonse m'katimo, yafa ndipo sidzadzuka. Wafunsa ngati zinthuzo tinazikoperako pena. Mwanayo wayankha msanga kuti inde, pali kabokosi kakuda kamene anandigulira zaka zitatu zapitazo, ndipo bambo amakalumikiza Lamlungu lililonse monga anawalangizira. Ine kukamwa tseke.

Lachitatu, 6 Malichi
Ndatsegula sutikesi ya pansi pa bedi. Kabokosi kali momwe ndinakaikira, kokulunga mu mpango, pamodzi ndi chikalata cha ukwati. Ndinakalumikiza kamodzi kokha, tsiku limene kanabwera, mwanayo ataima pambali panga. Zaka makumi anayi za ukalipentala zinandiphunzitsa kuti chida cha mtengo wapatali sichigwidwagwidwa. Ndinakatsekera kuti kasawonongeke. Nthawi imeneyo amayi ake anali asanadwale. Sindinadye.

Lachisanu, 8 Malichi
Kabokosi ndakapereka ndekha kushopu kuja. Mmisiri wandifotokozera kuti disiki yakale inali ngati nyumba yodulidwa pakati ndi chipupa. Chipinda china cha zida za makinawo, china cha katundu wathu. Mu disiki yatsopano ayenera kuyamba waimika chipupacho pa muyeso womwewo, chifukwa chipinda chikachepa katundu salowa. Wayeza kawiri asanadule. Pamenepo ndamulemekeza.

Kenaka waona tsiku limene kabokosi kanalumikizidwa komaliza. Wandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo, kabokosi aka kanapuma pantchito chaka chimodzi ndi inu?" Sindinaseke. Wati kakabweza zimene kanaona zokha, zimene sikanaone sikangazipeke. Watinso kuuza mwana wanga si ntchito yake.

Lamlungu, 10 Malichi
Mwana waimba foni. Ndati zikuyenda. Bodza lachiwiri, ngati kukhala chete kuja linali loyamba.

Ndatenga pensulo kuti ndilembe mawu a amayi ake kuchokera m'mutu. Poyambira ndikupakumbukira: "Bambo a mwana, musamadye muli chiimire." Kupitirira apo zikusakanikirana. Chaka ndi theka ndikuwamva tsiku ndi tsiku, koma mizere isanu yandikanika. Ndipo kutsokomola kuja, ndi mpweya umene ankakoka asananditchule, munthu angazilembe bwanji?

Lachiwiri, 12 Malichi
Kompyuta yabwera. Ikuyaka. Zipinda zonse ziwiri zili m'malo mwake, ntchito yaukhondo. Za m'miyezi ya matenda mulibe ndi chimodzi chomwe. Foni imene mwana anajambulira inatayika kale, ankadalira ine.

Ndamuuza mwana ndili chiimire. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Bambo, ngakhale kamodzi?" Tiyi wake wazirala patebulo.

Lachisanu, 15 Malichi
Masiku atatu osaiyandikira. Lero ndatsegula chipinda chachiwiricho, ndati ndione chimene chatsala. Zithunzi zakale, makalata a penshoni. Pansi penipeni kanema amene ndinalamula kuti afafanizidwe patapita sabata kabokosi katabwera, pakuti ankandichotsa ulemu. Kabokosi sikanamve lamulo langa. Kanali kale mu sutikesi.

M'kanemamo ine ndili pa mpando, malaya mulibe, ndikupachika chitseko cha kukhitchini. Chozondoka. Amayi ake pakhomo, onenepa, masaya odzadza, manja m'chiuno. "Zaka makumi anayi, a kalipentala, ndiye tizilowa ndi mutu?" Akuseka mpaka kugwira khoma. Palinso mwamuna wina akuseka mokweza. Ndamvetsera kawiri ndisanazindikire kuti ndine.

Nkhope imeneyi ya mkazi wanga ndinali nditaiiwala. Ndinkangokumbukira yoonda ija.

Kabokosi kali patebulo tsopano, chingwe cholumikiza, kagetsi kakuphethira. Ndamuimbira mwana kuti adzere kuno akaweruka. Wafunsa kuti kwagwanji. Ndati abwere basi. Ndaika mipando iwiri.