Chigamba cha pa Bwato la Bwana Kenani

Malangalanga,
Old Town, Lilongwe.
27 Meyi, 1984.

Okondedwa achimwene Iddi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Harareko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Kalatayi sindinaponye pa positi, ndapatsira Sefu woyendetsa lole uja, chifukwa muli dzina la munthu wamkulu, ndipo mukudziwa nokha kuti masiku ano kalata imafika ena atayamba aiwerenga. Mukatha kuwerenga, muing'ambe.

Ntchito yanga ikadali yomweyo yomata machubu kuseri kwa msika. Mlamu wanu Zubeida mwendo uja waleka kutupa. Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi nkhani ya mwana wanu Rahima, ndipo wochita manyazi pa nkhaniyi ndine.

Munamva kuti chaka chatha anapeza ntchito yolera mwana ku Area 43, kwa bwana Kenani, amene ali ndi udindo waukulu ku Capital Hill. Ndi munthu woti akalowa m'sitolo eni ake amaimirira, ndipo anthu amanong'ona kuti kalaliki wina amene anawatsutsa ku ofesi sanaonekenso. Kaya n'zoona kaya ayi, ine ndimawaopa. Bwanawa anagula bwato la mphira, lopopa ngati chubu, kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Lolemba lina anaima ndi galimoto pamalo panga, dalaivala n'kulitsitsa bwatolo.

"A Sumaila, Rahima akuti m'tauni muno mulibe wodziwa mphira kuposa inu," anatero bwana. "Lang'ambika apa. Loweruka ndikupita ndi banja langa ku Bua kukaona mathithi. Lachinayi ndilipeze lili bwino."

Pong'ambikapo panali potalika ngati chala changa chapakati. Nditangoligwira ndinadziwa kuti si mphira wa chubu, koma chinsalu chokutidwa, chofuna guluu wakewake wa m'timabotolo tiwiri tosakaniza. Ndinazungulira masitolo onse a amwenye, kulibe. Akuti katundu sakubwera chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Achimwene, mawu akuti "sindingathe" ndi aafupi, koma sindinapite kukawanena kwa bwana. Ndinatenga solushoni wa njinga ndi chigamba cha chubu cha lole, n'kumata. Nditapopa silinatulutse mpweya, koma mtima wanga unkadziwa kuti dzuwa likachiwotcha, madzi n'kuchinyowetsa, chigambacho chiyamba kumatuka m'mbali. Ndinadzinamiza kuti anthu olemera sapita kutali, akangosewera m'mphepete mwa mtsinje n'kujambulitsa zithunzi.

Lachinayi anandifunsa mawu amodzi okha: "Lalimba?"

"Lalimba, bwana."

Lachisanu nditachoka kumzikiti ndinapeza Rahima kunyumba, atabwera kudzabwereka mpango wa amayi ake. Nkhope ili ngwee.

"Ababa, nanenso ndikupita! Ndikagwira Bernadetta m'bwato. Akuti tiyenda pamadzi kuyambira m'mawa mpaka masana, tidutsa pakati pa matanthwe aatali ngati nyumba zosanja za ku City Centre."

Bernadetta ndi mwana wa zaka zitatu amene amamulerayo. Rahima wakulira m'tauni, kusambira sakudziwa ngakhale pang'ono.

"Ukanene kuti ukumva malungo," ndinatero.

"Malungo ake ati, ababa? Chibadwire ine mathithi sindinawaonepo. Mukundiletseranji?"

Anandiyang'ana kudikira chifukwa. Ndikanamuuza pomwepo. Koma ndinaganiza za mmene ananditamandira pamaso pa bwana wake, ndipo ndinangoti, "Chabwino, ukayende bwino." Ichi ndiye chinthu choipitsitsa chimene ndachita chibadwire.

Loweruka nditangoswali m'mawa ndinauyamba ulendo wapansi wa ku Area 43, nditatsimikiza kukaulula zonse, zivute zitani. Ndinapeza geti lotseka. Mlonda anandiuza kuti anyamuka kale, ndipo anandilongosolera mudzi wa kumunsi kwa mathithi kumene dalaivala akawadikirire. Ndinathamangira kumsewu wa ku Kasungu n'kukwera basi.

Pa Mponela a Yufi anaimitsa basi kufuna makadi a chipani. Langa ndinali nditalisiya m'jekete ina. Ananditsitsa pamodzi ndi amayi awiri, basi n'kumapita ine ndikuiona.

"Ana anga, ndikupemphani, mwana wanga ali pamadzi," ndinawadandaulira.

Mmodzi anayankha kuti, "Madala, madzi safuna kadi, koma ife tikulifuna."

Anandikhazika pansi pa mtengo kuposa ola, mpaka ndinadula kadi lina. Kenaka ndinakwera lole yochokera kokatula fodya, ndinatsika pa mlatho wa Bua, ndipo bambo wina wanjinga anandinyamula kudzera njira yachidule. Tinafika dzuwa litapendeka. Galimoto ya bwana inalipo, dalaivala ali chiimire akuyang'ana kumtunda kwa mtsinje. Anati anagwirizana kuti afika masana, koma mpaka nthawi imeneyo kunali zii.

Ndinakwera thanthwe kuti ndione kutali. Achimwene, malo amenewo ena amapita kukasangalala, koma tamvani mmene alili. Mtsinje wonse umagwa paphompho ndi mkokomo woti mnzako akamalankhula umangoona milomo. Ukagwa umalowa m'chigwembe chopapatiza, matanthwe akuda mbali zonse ziwiri, madzi akuwira thovu, opanda poti munthu n'kuponda kapena kugwira. Dalaivala anati pa mathithipo bwato amachita kulinyamula, n'kulilowetsanso m'munsi mwake, m'chigwembe momwemo. Ndinakhala pathanthwepo ndikuwerenga mapemphero onse amene bambo athu anatiphunzitsa. Chikuni chilichonse choyandama ndinkachiyesa mutu wa munthu.

Kenaka bwato linatulukira. Mbali ya kumanzere inali yofwefwentha, ikukhota ngati nthochi. Bwana ndi mwana wawo wamkulu ankapalasa akuimba, mayi Evelina, akazi awo, akuseka atanyowa thupi lonse. Rahima anakhala kumanzere komweko, mwana ali pamiyendo atamukumbatira ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo linali kunja kwa bwato, m'madzi. Onse anatibayibitsa, iye yekha ayi.

Atafika pamtunda bwana anandiona n'kufuula, "A Sumaila! Mwabwera mtunda wonsewu kudzaona ntchito yanu? Anthu otere ndi amene akufunika m'dziko muno!" Anati mbali imodzi yakhala ikuphwa pang'onopang'ono, ndipo anaima kawiri kupopa, n'chifukwa chake anachedwa. Iwo ankaganiza kuti ndi valavu.

Rahima sanatsike mpaka onse atapita kugalimoto kukasintha zovala. Pamenepo ndi pamene anachotsa dzanja lija, limene njira yonse linali litatsindira chigamba. Chigamba changa chinali chitamatuka theka, mpweya n'kuyamba kulira. Dzanjalo linali loyera mbuu, lotupa, zala zosatambasuka, kuseri kwake kutasupuka ndi miyala. Anatsegula valavu msangamsanga kuti mbali yonse iphwe, n'kupinda bwato chigamba chili mkati.

"Unadziwa liti?" ndinamufunsa.

"M'mawa akupopa. Ine ndakulira pamachubu, ababa. Solushoni wa njinga ndimamudziwa ndi fungo lomwe."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndikananena, inu lero mukanagona kuti?" Anayang'ana kumene kunali kamwana kaja. "Nanga inu dzulo bwanji simunanene?"

Anandikweza m'galimoto yawo pobwerera, bwana akusimba za mathithi njira yonse, Rahima atabisa dzanja mumpango.

Tsopano bwatolo lili kwa ine, akuti ndione valavu. Bwana akomedwa nazo, moti pa tchuthi cha mu Julaye akufuna kupita ku Mpatamanga, pa Shire, kumene amati madzi ake ndi aukali kuposa a Bua, ndipo kuli ng'ona. Ndiye pempho langa ndi ili: fufuzani m'masitolo a kumeneko guluu womatira mabwato opopa, wa timabotolo tiwiri, ndi chidutswa cha chinsalu chake. Mupatsire Sefu pobwera. Akapanda kupezeka pofika pakati pa mwezi wa Ramadani, ndidzavala jekete yanga n'kupita kukawauza bwana chilungamo chonse, kuyambira Lachinayi lija. Bwatolo silichoka m'manja mwanga ndi chigamba chabodza kachiwiri. Chimene angandichite sindikuchidziwa. Mukadzaona kuti kuno kwangoti zii nthawi yaitali, musadzafunse kudzera pa positi, mudzangokumbukira Zubeida ndi ana. Iye sakudziwa chilichonse, akuyesa kuti Loweruka lija ndinapita kukagula matayala akale ku Mponela.

Perekani moni kwa alamu Asiya, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo Zubeida akuisungira tsiku la Idi. Moni kwa Yunusu ndi Sauda, alimbikire sukulu. Ana onse kuno akupereka moni. Moni wa Rahima sindingakunamizeni kuti wandipatsira. Ankabwera Lamulungu lililonse, koma lero ndi Lamulungu lachitatu osamuona. Sabata yatha anatumiza sopo ndi shuga kwa amayi ake, kwa ine sanatumize ngakhale mawu. Lero ndaswera pakhonde kuyang'ana njira yochokera kudepoti mpaka ndaona kuti bola ndilembe kalatayi.

Mukamayankha, muikemo kapepala kakekake, pakuti inu amakumverani. Musamuuze kuti andikhululukire, zimenezo n'zake. Mungomufunsa ngati dzanja lija lapola, chifukwa ine sindinalionenso.

Ndine mng'ono wanu,
Sumaila.